Mpira wa Asanuasanu: Mbiri ya Chikho cha Africa ndi Funso la ku Thyolo

Ukafunsa za mpira wamiyendo m'dziko muno susowa wokuyankha. Mu minibasi, pabawo, ngakhale pasiwa pomwe, upeza akadaulo a mbiri amene angakuuze mosadodoma kuti timu yathu ya Flames idatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, kuti idakaonekera kuchikho cha mayiko onse a mu Africa mu 1984 ndi mu 2010, ndiponso kuti mu Januwale 2022 Gabadinho Mhango adauponya mpira kuchokera kutali n'kukaugwetsera muukonde wa Morocco ku Cameroon. Koma anthu omwewo ukawafunsa kuti kodi chikho cha futsal cha mayiko a mu Africa adachitengapo ndani, ambiri amangokuyang'ana kukamwa. Sindikuwada ayi. Masewerowa sitidawazolowere, ndipo dzina lake lomwe limamveka ngati la mankhwala a chifuwa. Chikhalirecho chikhochi chilipo kuyambira mu 1996, anansi athu a ku Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe adachilimbiranapo, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro limene likutikhudza kwambiri ife a m'maboma othinana ngati Thyolo.

Tiyambe ndi masewerowo. Futsal ndi mpira wamiyendo womwewu, koma wa anthu asanu mbali iliyonse, kuphatikizapo goloboyi, woseweredwa pabwalo laling'ono losalala, nthawi zambiri m'nyumba. Udabadwira mumzinda wa Montevideo ku Uruguay mu 1930, chaka chomwe dzikolo lidachititsa ndi kupambana chikho choyamba cha dziko lonse lapansi. Ana a mumzindawo adatengeka ndi mpira koma mabwalo adali osakwanira. Tsono mphunzitsi wina wa bungwe la YMCA, dzina lake Juan Carlos Ceriani, adaganiza zowalowetsa m'holo ya basketball, ndipo adawakonzera malamulo pobwereka uku ndi uku kumasewero ena a m'nyumba. Kuchokera ku Uruguay masewerowa adaolokera ku Brazil, kumene adamera mizu mpaka lero. Akatswiri ngati Pelé, Zico, Ronaldinho ndi Neymar adadzera pabwalo laling'onoli asadatchuke pabwalo lalikulu. Dzina loti futsal ndi chidule cha mawu a Chisipanishi ndi Chipwitikizi otanthauza mpira wa m'holo.

Bwalo lake pamipikisano ya mayiko limakhala la mamita pafupifupi 40 mulitali ndi 20 mulifupi, ndipo golo yake ndi ya mamita 3 m'mbali ndi 2 kupita m'mwamba. Mpira wake ndi wocheperako kusiyana ndi umene tidauzolowera ndipo sunjanja kwambiri, n'chifukwa chake osewera amaugwira ndi kuphazi m'malo moudikira kuti utsike kuchokera kumwamba. Masewero amakhala ndi zigawo ziwiri za mphindi 20, koma wotchi imaima mpira ukangotuluka, choncho zogwa dala pofuna kudya nthawi sizipindula kanthu. Mpira ukatuluka m'mbali sauponya ndi manja, amaumenya ndi phazi, ndipo woumenyayo ali ndi masekondi anayi okha. Osewera amalowa ndi kutuluka kangapo konse mmene mphunzitsi wafunira. Timu ikachita nkhanza kasanu m'chigawo chimodzi, kulakwa kwachisanu n'chimodzi kumapatsa adani mwayi womenya mpira pamtunda wa mamita 10 popanda mpanda wa anthu. Wopatsidwa kadi yofiira amatuluka ndithu, koma anzake amasewera operewera kwa mphindi ziwiri zokha kapena kufikira atagoletsedwa. Mwachidule, ndi mpira wosalola ulesi, ndipo wobisala kumbuyo kwa anzake amaonekera msanga.

Bungwe la FIFA lidachititsa chikho chake choyamba cha futsal cha dziko lonse mu 1989 ku Netherlands, ndipo Brazil ndiyo idachitenga. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwa mayiko awiri amene adaimira Africa kumeneko, limodzi lidali Zimbabwe, linalo Algeria. Mu 1992 ku Hong Kong kudapita Nigeria. Mpikisano wa dziko lonse utayamba kukhazikika, padafunika njira yodziwika yosankhira woimira Africa, ndipo apa m'pamene bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF lidayambitsira chikho chimene tikukambachi. Mfundo imeneyi tiigwiritse, chifukwa ikutithandiza kumvetsa zambiri za m'tsogolomu. Chikhochi chidabadwa ngati khomo lolowera kumpikisano wa dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake kwa zaka zambiri chinkachitika kamodzi pa zaka zinayi, chaka chomwe FIFA idakonza mpikisano wake.

Mpikisano woyamba udachitikira ku Cairo mu 1996 ndipo kudabwera matimu asanu okha, a Egypt, Ghana, Zimbabwe, Somalia ndi Zaire, dziko lomwe chaka chotsatira lidasintha dzina n'kukhala Democratic Republic of Congo. Timu iliyonse idakumana ndi inzake iliyonse, ndipo eni bwalo a Egypt ndiwo adakhala pamwamba. Ghana idakhala yachiwiri, Zimbabwe yachitatu, Somalia yachinayi. Dzina la Somalia pamndandandawu limandichititsa chidwi nthawi zonse. Panthawiyo dzikolo lidali litatha zaka zisanu lopanda boma lenileni chigwere ulamuliro wa Siad Barre mu 1991, koma lidakwanitsa kupeza anyamata ochepa, kuwaveka yunifolomu ndi kuwatumiza ku Cairo. Ife amene tidali pamtendere, titangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri, sitidaliko.

Mu 2000 mpikisano udabwereranso ku Cairo, ndipo ulendo uno matimu adali anayi. Egypt idatetezanso chikho, Morocco idakhala yachiwiri, Libya yachitatu, South Africa yachinayi. Chaka chomwecho anyamata a ku Egypt adapita ku Guatemala kumpikisano wa dziko lonse ndipo adadutsa ndime yoyamba, chinthu chomwe chidaonetsa kuti Africa siidapite kukangoperekeza anzake.

Mu 2004 bungwe la CAF lidasintha kachitidwe. M'malo mosonkhanitsa matimu mumzinda umodzi, lidakonza zoti azichotsana poyenderana, masewero amodzi kwanu ena kwathu. Kachitidwe kameneka ndi kamene kadatulutsira poyera dzina la Mozambique, pakuti anansi athuwa adafika mpaka ndime yotsiriza kumene adakumana ndi Egypt. M'masewero amodzi adathidzimulidwa ndi zigoli 10 kwa 2, koma m'masewero enawo adagonjetsa akatswiriwo ndi zigoli 5 kwa 3. Pophatikiza zigoli, chikho chidatsala ku Cairo kachitatu motsatizana. Komabe uthenga udali utamveka kuti kum'mwera kuno kuli anthu odziwa kuupondaponda mpira pasimenti. Mozambique imene ikutchulidwa apayi ndi yomwe ija idatuluka m'nkhondo yapachiweniweni mu 1992, yomwe anthu ake pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kwathu kuno, ena mwa iwo n'kuolokera mtsinje wa Ruo womwewu umene umatilekanitsa nawo kumunsi kwa Thekerani. Zaka 12 zokha chitheretu nkhondo, adali achiwiri mu Africa yense pamasewero amene ife sitidali titawamvapo n'komwe.

Ufumu wa Egypt udagwa mu 2008 ku Tripoli. Mpikisano wa chaka chimenecho udali waukulu kuposa yonse ya m'mbuyo, pakuti kudasonkhana matimu 10, ndipo pakati pawo padali Mozambique, Zambia, Angola ndi South Africa. Eni bwalo a Libya adakumana ndi Egypt m'ndime yotsiriza, mphindi 40 zidatha osapezeka mwamuna, ndipo m'nthawi yowonjezera Libya idapambana ndi zigoli 4 kwa 3. Morocco idakhala yachitatu itagonjetsa Mozambique. Popeza FIFA idali itapatsa Africa malo awiri, Libya ndi Egypt adapitira limodzi ku Brazil kumpikisano wa dziko lonse.

Kenaka kudadza chilala. Mpikisano wotsatira udayenera kuchitikira ku Burkina Faso mu 2011, koma udalephereka. Pofuna kupeza oimira Africa ku Thailand mu 2012, CAF idangokonza masewero achipulula opanda chikho, ndipo Egypt, Libya ndi Morocco ndiwo adadutsa. Choncho kuchokera mu 2008 mpaka mu 2016, zaka zisanu ndi zitatu zathunthu, chikho chidangokhala m'kabati ku Tripoli, mzinda umene nawo udaona zoopsa pamene ulamuliro wa Muammar Gaddafi unkagwa mu 2011. Wosewera amene adali ndi zaka 24 mu 2008 adadikira mpaka zaka 32 kuti apezenso mwayi wolimbirana chikho cha Africa. Umu ndi mmene masewero ang'onoang'ono amafera. Palibe amene amawaletsa, amangowaiwala pokonza ndondomeko ya chaka.

Chikhochi chidadzuka mu Epulo 2016 ku Johannesburg, m'holo ya Ellis Park, chitapatsidwa dzina latsopano loti Africa Futsal Cup of Nations ndiponso dongosolo lokhazikika la matimu asanu ndi atatu ogawidwa m'magulu awiri. M'ndime yotsiriza Morocco idagonjetsa Egypt ndi zigoli 3 kwa 2 n'kutenga chikho koyamba. Koma kwa ife a kuno masewero ofunika kuwakumbukira ndi amene adaseweredwa chikho chisadaperekedwe, olimbirana malo achitatu. Adakumana ndi Mozambique ndi Zambia, mnansi wa kum'mawa ndi mnansi wa kumadzulo, ndipo popeza Africa idali ndi malo atatu kumpikisano wa dziko lonse ku Colombia, wopambana adali ndi tikiti ya ndege m'manja. Matimuwa adalepherana ndi zigoli 5 kwa 5, ndipo nkhani idakathera kumapenate kumene Mozambique idamwetulira. Taganizani, owerenga, mayiko awiri amene atizungulira ngati mpanda akulimbirana ulendo wa ku South America, ife tili pakati pawo osadziwa n'komwe kuti kunja kukuchitika zotani.

Ku Colombia anyamata a ku Mozambique adaona zakuda. Adagonja masewero onse atatu, ndipo Brazil idawasambitsa ndi zigoli 15 kwa 3. Wina akhoza kuseka, koma woseka akumbuke kuti pofika chaka chimenecho timu ya Mozambique ya anthu 11 idali isadapondepo kumpikisano wa dziko lonse, pamene ya anthu asanu idakaimbitsa nyimbo ya fuko lawo kumeneko. Nayo Egypt idachita zakupsa chaka chomwecho pochotsa Italy ndi zigoli 4 kwa 3 n'kufika m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, kumene idagonja kwa Argentina, imene pamapeto pake idatenga chikho.

Mpikisano wa mu 2020 udalowa ndale. Morocco idapatsidwa mwayi wouchititsa ndipo idasankha mzinda wa Laayoune, umene uli m'chigawo cha Western Sahara. Chigawochi chidali m'manja mwa Spain mpaka m'ma 1975, ndipo chichokereni Asipanishi pakhala mkangano pakati pa Morocco, imene imati ndi dziko lake, ndi gulu la Polisario, limene limafuna ufulu wodzilamulira. Nkhani yomweyi ndi imene idachititsa kuti Morocco ituluke m'bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa mu 1984, n'kudzabwereramo mu 2017. South Africa, imene imaima ndi Polisario, idakana kupita ku Laayoune ngakhale idali itadzigulira malo. Mauritius idaitanidwa kuti ilowe m'malo mwake, idasewera masewero amodzi, kenaka nayo idanyamula zikwama. Mayiko awiriwa adalandira chilango kuchokera ku CAF. Pabwalo penipeni Morocco idakhoma Egypt ndi zigoli 5 kwa duu m'ndime yotsiriza mu Febuluwale chaka chimenecho, ndipo Angola idakhala yachitatu itagonjetsa Libya ndi zigoli 2 kwa 0. Chaka chotsatira, mu 2021, boma la Malawi lidatsegula ofesi yake ya ukazembe mumzinda womwewo wa Laayoune. Ntchito yanga sindiye yoweruza nkhani za mayiko, koma mbiriyi ikutionetsa kuti ngakhale kabwalo ka mamita 40 kamakwana kusenza mkangano wa zaka makumi anayi ndi mphambu.

Mu Epulo 2024 matimu asanu ndi atatu adakumananso ku Morocco, ulendo uno mumzinda wa Rabat. Zambia idaliko, Namibia ndi Mauritania nazo zidaonekera koyamba. Chodabwitsa chachikulu chidachitika m'ndime ya matimu anayi pamene Angola idachotsa Egypt. Ngati kuti zimenezo sizidakwane, Egypt idagonjanso kwa Libya pamapenate polimbirana malo achitatu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire mu 1996 idalephera kupita kumpikisano wa dziko lonse. M'ndime yotsiriza Morocco idagonjetsa Angola ndi zigoli 5 kwa 1 n'kutenga chikho kachitatu motsatizana. Choncho pa mipikisano isanu ndi iwiri imene idachitika kuyambira mu 1996 mpaka mu 2024, Egypt idapambana katatu, Morocco katatu, Libya kamodzi. Zikho zonsezo zidatsala kumpoto kwa chipululu cha Sahara. Mayiko a kum'mwera kwa chipululucho amene adafikapo pamalo achiwiri ndi atatu okha, Ghana mu 1996, Mozambique mu 2004 ndi Angola mu 2024. Dzina la Malawi silipezeka pamndandanda wa mipikisano isanu ndi iwiri yonseyo.

Kodi n'chifukwa chiyani zinthu zidayenda chotere? Yankho loyamba ndi denga ndi pansi posalala. Mayiko a kumpoto adamanga maholo ambiri kaamba ka masewero ena a m'nyumba amene amawakonda, monga mpira woponya ndi manja ndi basketball, choncho futsal idapeza nyumba yomangamanga. Mipikisano isanu mwa isanu ndi iwiri ija idachitikira kumpoto komweko, ndipo ulendo uliwonse chikho chidatsala kwa eni bwalo. Paja amati pagule fumbi ndiwe mwini. Nazo Mozambique ndi Angola sizidatulukire mwangozi. Chilankhulo cha Chipwitikizi chimawalumikiza ndi Brazil ndi Portugal, mayiko amene ndi akatundu pamasewerowa, ndipo mizinda ya Maputo ndi Luanda idakhala ndi maholo a basketball kuyambira kale, monga ya Maxaquene ku Maputo ndi ya Cidadela ku Luanda.

Yankho lachiwiri ndi kudekha, ndipo apa Morocco ndiye mphunzitsi wathu. Dzikoli lidapereka timu yake kwa Hicham Dguig mu 2010. Mu 2012 ku Thailand timuyo idagonja masewero onse atatu. Mu 2016 ku Colombia, ngakhale idapita ngati akatswiri a Africa, idagonjanso onse atatu. Kwathu kuno mphunzitsi wotere tikadamuimbira nyimbo pawailesi mpaka atapakira. Iwo adamusiya kuti apitirize. Mu 2021 ku Lithuania timu yomweyo idafika m'ndime ya matimu asanu ndi atatu n'kugonja kwa Brazil ndi chigoli chimodzi chokha, ndipo mu 2024 ku Uzbekistan idachotsa Iran n'kufikanso pandime yomweyo. Pamene FIFA idatulutsa koyamba mndandanda wa matimu a futsal mu Meyi 2024, Morocco idali pa nambala 6 padziko lonse. Akulu akale sadaname kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ndibwere kwathu ku Thyolo, pakuti mbiri yosatiunikira pakhomo pathu ili ngati nyali yoyatsidwa masana. Aliyense amene adadutsapo pamsewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe amadziwa kukongola kwa minda ya tiyi, yobiriwira ngati mphasa yoyalidwa pamapiri. Tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 ndipo adafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Maina ngati Satemwa, imene idakhazikitsidwa mu 1923, Naming'omba, Conforzi, Makandi, Nchima ndi Makwasa tidakula tikuwamva ngati maina a achibale. Ambiri mwa makolo athu Achilomwe adaoloka Ruo pothawa misonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, n'kudzagwa m'manja mwa thangata m'maesiteti a Angerezi. Nkhani ya malo ndi imene idali pamtima pa zipolowe za m'boma lino mu 1953, ndipo mpaka lero siidazirale. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma la masikweya kilomita pafupifupi 1,700, kutanthauza anthu oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse, tisadachotsepo malo a tiyi, nkhalango ndi mapiri.

M'boma lotere bwalo la mpira ndi chuma chosowa. Bwalo la anthu 11 lovomerezeka limakhala la mamita 105 mulitali ndi 68 mulifupi, omwe ndi masikweya mita 7,140, malo oti banja lingalimepo chimanga, nandolo ndi chinangwa. Bwalo la futsal la mamita 40 ndi 20 ndi masikweya mita 800 okha. Kunena kwina, pabwalo limodzi lalikulu pangatuluke mabwalo ang'onoang'ono pafupifupi asanu ndi anayi. Pantchito yanga ya m'boma ndayenda m'madera a Masambanjati, Khonjeni, Goliati ndi Thekerani, ndipo ndaona mabwalo a sukulu opendekeka moti timu yoyang'ana kumtunda imatuluka thukuta kawiri. Ndaona ena amene mizere ya chimanga idawadya pang'onopang'ono mpaka kufika pamtengo wa golo, ndipo sungamudzudzule wolimayo poti naye akufuna kudyetsa ana. Kupeza malo athyathyathya a mamita 105 m'mapiri amenewa n'kovuta, koma malo a mamita 40 amapezeka kuseri kwa kalasi, pafupi ndi tchalitchi kapena pakati pa nyumba za m'komboni.

Chinanso chimene ndaona n'chakuti ana athu akusewera kale masewerowa osadziwa dzina lake. Madzulo makolo akamaweruka kothyola tiyi, pabwalo la komboni pamakhala anyamata anayi uku anayi uku, njerwa ziwiri ngati golo, ndi mpira wachikulunga wamapepala apulasitiki omangidwa ndi linya. Chikulunga sichinjanja, chimafuna kuchiponda ndi kuphazi, kuchikoka, kupatsirana pafupipafupi ndi kuganiza msanga chifukwa khoma la nyumba lili pomwepo. Amenewa ndi maluso enieni amene Ceriani adawaikira malamulo mu 1930. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa ku Montevideo adapeza womulembera malamulo, wa ku Casablanca adapeza ligi ndi mphunzitsi, pamene wa ku Thyolo akafika zaka 14 timamuuza kuti zachibwana zatha, apite pabwalo lalikulu limene kwawo kulibe.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mpira wa anthu 11 womwewu ukutikanika kuupezera ndalama, nanga tiwonjezerenso katundu wina? Funsoli n'lomveka, koma yankho lake lili kunyanja. Mpira wa pamchenga udali wachilendo kwa ife ngati mmene futsal ilili, koma anyamata a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja atapatsidwa mpata, Malawi idakaonekera kuchikho cha Africa cha mpira wa pamchenga ku Vilankulo m'dziko la Mozambique mu 2022, n'kubwerezanso ku Hurghada m'dziko la Egypt mu 2024. Iwo adagwiritsa ntchito chimene Mulungu adawapatsa, mchenga. Ife a kumapiri chimene tili nacho ndi kuthinana, ndipo alipo masewero amene adabadwa chifukwa cha kuthinana komweko. Kuwonjezera apo, timu yonse ya futsal, osewera asanu ndi olowa m'malo asanu ndi anayi, imakwana mu minibasi imodzi. Mpikisano wa sukulu khumi ungathe kutha Loweruka limodzi pabwalo limodzi.

Ena anenanso kuti tilibe maholo. N'zoona kuti masewero a mayiko amafuna holo, ndipo mpaka posachedwapa dziko lino lidalibe yoyenera, kufikira pamene holo ya Griffin Saenda idamangidwa ku Lilongwe pokonzekera masewero a achinyamata a m'chigawo chino cha Africa mu Disembala 2022. Koma poyambira sipafunika denga. Malamulo a futsal amalola kuti masewero a m'dziko momwemo aseweredwe pabwalo loyambira mamita 25 mulitali ndi 16 mulifupi. Bwalo la ntchemberembaye ndi la mamita 30.5 ndi 15.25, ndipo ukaphatikiza kamalo kozungulira mizere, muyeso uja wakwana. Choncho paliponse pamene pakuthiridwa simenti ya bwalo la ntchemberembaye, kuwonjezera mita imodzi kapena awiri m'mbali ndi kujambula mizere yachiwiri n'kokwanira kuti bwalolo litumikire masewero awiri. Simenti imauma msanga mvula ikakata, pamene bwalo ladothi lofiira la kuno limasanduka phala kuyambira Disembala mpaka Malichi, n'kudzatereranso ndi chiperoni mu Juni.

Apa ndichenjeze abambo anzanga. Sindikunena kuti tikalande atsikana mabwalo awo, popeza ntchemberembaye ndiyo yatichotsa manyazi kunja kwa zaka zambiri. Ndikunena zogawana nthawi, komanso zowapatsa atsikanawo mpira wachiwiri. Chikho choyamba cha futsal cha amayi mu Africa chidachitikira ku Rabat mu Epulo 2025, ndipo amene adafika m'ndime yotsiriza n'kugonja movutikira kwa Morocco ndi zigoli 3 kwa 2 adali atsikana a ku Tanzania, mnansi wathu wa kumpoto. Malo achiwiriwo adawatengera kumpikisano woyamba wa amayi wa dziko lonse ku Philippines chaka chomwecho. Tikawerenga bwino, ndiye kuti anansi athu onse atatu amene tidagawana nawo malire, Mozambique, Zambia ndi Tanzania, adafikapo m'ndime ya matimu anayi ya chikho cha futsal cha Africa, awiri kwa abambo, mmodzi kwa amayi.

Ntchito yake siyofuna munthu mmodzi, paja mutu umodzi susenza denga. Bungwe la FAM lili ndi udindo wophunzitsa oyimbira ndi aphunzitsi malamulo a masewerowa, ndiponso wolembetsa dziko lino kumasewero achipulula a CAF. Aphunzitsi oyendetsa masewero m'sukulu angathe kuika mpira wa asanuasanu pandondomeko ya teremu popanda kudikira chilolezo cha ku Cairo. Makhonsolo ndi aphungu, pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera, akumbuke kuti bwalo la masikweya mita 800 ndi chitukuko chimene mwana amachigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Nawo eni maesiteti, amene akhala akuthandiza matimu a antchito awo kuyambira kale, angaone kuti kabwalo kasimenti pakati pa komboni sikadya mzere ndi umodzi womwe wa tiyi. Mafumu ndi makomiti a sukulu ndiwo adziwa pamene pali kamalo kotsala.

Sindikulonjeza kuti tikatero chikho chibwera ku Thyolo. Egypt idachigwira zaka 12 chisadaichoke, Morocco idayamba yagonja masewero asanu ndi amodzi a dziko lonse isadaone kuwala, ndipo Angola, imene idali kale pampikisano wa ku Tripoli mu 2008, idadikira mpaka mu 2024 kuti ifike m'ndime yotsiriza. Chimene mbiriyi ikutiuza n'chakuti mayiko onse amene maina awo alembedwa m'nkhani ino adayamba ndi kulembetsa, kugonja, ndi kubweranso. Somalia idatero yopanda boma, Mozambique idatero mabala a nkhondo asadapole. Ife tili ndi mtendere, tili ndi ana odziwa kale kuponda chikulunga, ndipo chimene tikuchiyesa tsoka lathu, kuchepa kwa malo, ndicho chidabala masewerowa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Tiyeni tiyeze mamita 40 kuseri kwa kalasi, tijambule mizere, tiwaitane anawo.